Tsamba Likakana Kutseguka pa Laputopu ya Pakhomo, Tisathamangire Kufomata

M'makomo ambiri kuno ku Mchesi, ku Kawale, ku Biwi mpaka ku Area 23, laputopu yasanduka chiwiya cha m'nyumba ngati mbaula ndi ayironi. Kawirikawiri imakhala imodzi yokha, yogula yogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo aliyense amaigwira. Mwana wa Fomu 4 amafufuzirapo mapepala akale a mayeso a MANEB. Mkulu wake amalemberapo fomu yopempha malo ku yunivesite kudzera ku NCHE, kapena yopempha ngongole ya sukulu. Bambo amene ali ndi shedi ya ukalipentala m'mbali mwa msewu amatumizirapo makasitomala zithunzi za mipando ndi makabati, ndipo mayi amalemberapo kaundula wa banki m'khonde.

Tsiku lina tsamba limene limatseguka bwinobwino limayamba kukana. Mwadzaza fomu yonse, koma batani lotumizira silikudinika. Mukufuna kuika chithunzi cha satifiketi, koma kabokosi kosankhira chithunzicho sikakutuluka. Pena tsamba limangokhala loyera mbee, pena pamatuluka zotsatsa za kubetcha ndi zithunzi zolaula zimene palibe anaziitana. Zikatero, zimene timaona m'makomo n'zofanana. Timagula bandulo ina poganiza kuti yatha. Timakalipira mwana amene anaigwira komaliza. Mapeto ake timainyamula kupita nayo m'tauni, kumene yankho lachangu limakhala lakuti ifunika kufomata. Kufomata kumadya ndalama, ndipo ngati sitinasunge zinthu zathu pena, zithunzi za banja, makalata ofunsira ntchito ndi masatifiketi amene tinajambula zimapita.

Nthawi zambiri kompyutayo imakhala ilibe vuto. Chimene chasokoneza ndi kapulogalamu kamodzi kakang'ono kamene kali mkati mwa browser, ndipo tikhoza kukapeza tokha pa mphindi zosakwana 30 popanda kulipira munthu. Mwezi uno tikambirana mmene tingakapezere.

Extension n'chiyani?

Browser ndi pulogalamu imene timatsegulira masamba a pa intaneti. Zodziwika kwambiri ndi Chrome, Edge imene imabwera kale ndi Windows, Firefox ndi Opera. Extension ndi kapulogalamu kowonjezera kamene kamalowetsedwa mu browser kuti kagwire ntchito inayake. Ena amatchinga zotsatsa malonda, ena amamasulira zilankhulo, ena amakonza Chingelezi chimene tikulemba, ena amathandiza kutsitsa mavidiyo, ndipo ena ndi ma VPN aulere amene achinyamata amakonda.

Kuti extension igwire ntchito yake, imayenera kuloledwa kuona ndi kusintha tsamba limene tatsegula. Poiika pamatuluka mawu achingelezi akuti ikhoza kuwerenga ndi kusintha zonse za pamasamba onse amene timapitako, koma ambirife timangodina kuvomera osawerenga. Apa ndi pamene mavuto amachokera. Extension yotchinga zotsatsa ikhoza kuyesa batani la fomu ya sukulu kuti ndi malonda n'kulibisa. Yomasulira ikhoza kusintha mawu a mu fomu mpaka tsambalo kulephera kuwazindikira. Ya VPN imachititsa tsamba kuganiza kuti muli ku Netherlands kapena ku America, ndipo mabanki ena amakana kukulowetsani.

Enanu munganene kuti simunaikepo chilichonse. N'zotheka ndithu. Laputopu yogula kwa munthu imabwera ndi zimene mwini wake woyamba kapena wokonza anaikamo. Mapulogalamu ena aulere amalowetsa extension yawo mwakachetechete pamene tikuwaika. Komanso ngati mwana analowa mu Chrome ndi akaunti yake ya Google n'kuyatsa zolunzanitsa, ma extension amene anaika pa kompyuta ya mnzake amamutsatira mpaka kunyumba.

Choyamba: titsimikize kuti vuto lili mu browser

Mwana akatuluka ziwengo, namwino sayamba ndi kupereka mankhwala asanu nthawi imodzi. Amafunsa kuti zinayamba liti, mwasintha sopo kapena mafuta odzola, wadya chiyani chachilendo. Nafenso tifunse chimodzimodzi: vutoli layamba liti, ndipo chasintha n'chiyani masiku amenewo? Kenako tiyese zinthu zinayi izi tisanakhudze china chilichonse.

Tsegulani tsamba lina limene mumalidziwa. Ngati masamba onse akukana, onani bandulo yanu ya TNM kapena Airtel, ndiponso ngati foni imene ikugawa intaneti idakali yolumikizidwa ndi laputopu.

Tsegulani tsamba lovutalo pa foni. Likakananso pa foni, vuto lili kwa eni tsambalo. Izi zimachitika kawirikawiri tsiku lotsekera mafomu likayandikira, pamene anthu ambirimbiri akulowa nthawi imodzi. Pamenepo chofunika ndi kudikira n'kuyesanso usiku kapena mbandakucha.

Onani tsiku ndi nthawi pakona ya sikirini. Malaputopu akale ali ndi kabatire kakang'ono mkati kamene kamasunga wotchi. Kakatha, kompyuta imabwerera ku chaka chakale, ndipo browser imayamba kukana masamba ambiri n'kumachenjeza kuti kulumikizana kwanu si kotetezeka. Kukonza tsiku ndi nthawi kumathetsa vutoli pomwepo.

Pomaliza, tsegulani tsamba lomwelo mu browser ina pa laputopu yomweyo. Ngati mu Chrome likukana koma mu Edge likuyenda, mwadziwa kuti kompyuta ndi netiweki zili bwino, ndipo vuto lili mu Chrome. Ngati nthawi yotumiza fomu yatsala pang'ono, tumizani kaye kudzera mu browser imene ikuyendayo. Zofufuza muchita pambuyo pake mtima uli m'malo.

Chachiwiri: tiyese popanda ma extension

Njira yachidule ndi kutsegula zenera la Incognito. Mu Chrome ndi mu Edge dinani mabatani atatu pamodzi: Ctrl, Shift ndi N. Mu Firefox ndi Ctrl, Shift ndi P. Pazenera limeneli ma extension sagwira ntchito pokhapokha ngati wina anawapatsa chilolezo chapadera. Lowani patsamba lija n'kuchita chimene chimakanika chija.

Chikatheka, mwayandikira, koma musamalize mlandu msanga. Zenera la Incognito limasiya zinthu ziwiri panja: ma extension, ndiponso tizinthu timene masamba amasunga mu browser totchedwa ma cookie. Choncho wolakwa akhoza kukhala mmodzi mwa awiriwa. Kuti tisiyanitse, bwererani pazenera la masiku onse. Pamalo polembera adiresi lembani chrome://extensions n'kudina Enter. Mu Edge lembani edge://extensions, ndipo mu Firefox lembani about:addons. Mudzaona mndandanda wa ma extension onse, iliyonse ili ndi kaswichi kake.

Musanazimitse, tengani pepala ndi cholembera. Lembani mayina onse ndi kuwapatsa manambala, kapena jambulani sikiriniyo ndi foni. Mukatero zimitsani onse. Kuzimitsa sikuchotsa kanthu, mukayatsanso zonse zimabwerera mmene zinalili. Bwererani patsamba lovutalo n'kudina F5 kuti litsegukenso mwatsopano. Sitepe ya F5 imeneyi musamaiiwale, chifukwa tsamba limene linatseguka kale limakhalabe ndi zimene extension inalichita mpaka litatsegulidwanso.

Ngati tsopano likuyenda, wolakwa ali pamndandanda wanu uja. Ngati likukanabe, ma extension alibe mlandu. Ayatseninso, ndipo fufutani ma cookie a tsamba limenelo lokha podina kachizindikiro kamene kali kumanzere kwa adiresi. Amene amagwiritsa ntchito Firefox ali ndi njira ina yachidule: pa Help pali Troubleshoot Mode, imene imatsekula browser yonse ma extension atazimitsidwa kwa kanthawi.

Chachitatu: tigawe pakati

Tinene kuti pamndandanda pali ma extension 8. Anthu ambiri amayatsa imodzi, n'kuyesa, n'kuyatsa ina, n'kuyesanso. Njira imeneyi imagwira ntchito ndipo ngati muli ndi atatu kapena anayi okha ndi yokwanira. Koma akachuluka imatopetsa ndiponso imadya bandulo, chifukwa kuyesa kulikonse ndi kutsegulanso tsamba. Njira yofulumira ndi yogawa pakati.

Yatsani nambala 1 mpaka 4, ndipo 5 mpaka 8 akhale ozima. Dinani F5 n'kuyesa. Vuto likabwerera, wolakwa ali pakati pa 1 ndi 4, ndipo enawo ndi omasuka. Likapanda kubwerera, wolakwa ali pakati pa 5 ndi 8. Ndi kuyesa kumodzi kokha mwachotsa theka la oganiziridwa.

Tinene kuti labwerera. Tsopano siyani 1 ndi 2 oyaka, zimitsani 3 ndi 4, n'kuyesanso. Ngati tsamba layenda, wolakwa ndi 3 kapena 4. Yatsani 3 yokha n'kuyesa kachitatu. Likakana, ndi 3. Likayenda, ndi 4. Mwampeza poyesa katatu kokha. Ma extension akakhala 16 mumayesa kanayi, ndipo akakhala 32 mumayesa kasanu, pamene njira ya imodziimodzi pa 16 ikhoza kukutengerani maulendo 15.

Pali malamulo atatu oti njirayi ikuuzeni zoona. Loyamba, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi. Mukazimitsa ma extension, n'kufufuta ma cookie, n'kuzimitsa ndi kuyatsa kompyuta zonse pamodzi, vuto likhoza kutha koma simudzadziwa chimene chalithetsa, ndipo likadzabweranso mudzayambira pachiyambi. Lachiwiri, yesani chinthu chomwechomwecho ulendo uliwonse: tsamba lomwelo, batani lomwelo. Lachitatu, lembani papepala zimene mwayatsa ndi zimene zachitika. Mutu umaiwala, makamaka magetsi akazima pakati pa ntchito.

Mukamupeza, tsimikizani. Yatsani ena onse, iyeyo akhale wozima, muone ngati tsamba likuyenda. Kenako muyatseni muone ngati vuto labwerera. Likamabwera ndi kupita motsatira swichi yake, mlandu watha.

Awiri akamakangana

Nthawi zina zimadabwitsa. Mwayatsa 1 mpaka 4, tsamba likuyenda. Mwayatsa 5 mpaka 8, likuyendanso. Koma mukayatsa onse, lakana. Amene timakhala m'nyumba za lendi zogawana mita imodzi ya ESCOM timazidziwa zimenezi. Ayironi payokha siigwetsa swichi, hotipuleti payokha siigwetsa, koma mukazilumikiza nthawi imodzi nyumba yonse imada. Ma extension nawonso amatero. Awiri akamafuna kusintha chinthu chimodzi patsamba, amapingana.

Powapeza timagawabe pakati, koma mbali imodzi timaisiya yoyaka. Siyani 5 mpaka 8 oyaka onse, ndipo gawani gulu la 1 mpaka 4 monga tafotokozera, mpaka mutapeza mmodzi amene akabwera vuto limayamba. Tinene kuti ndi nambala 2. Tsopano siyani 2 yekha woyaka pa gulu lake, n'kuyamba kugawa gulu la 5 mpaka 8 kufikira mutapeza mnzake wokangana naye.

Okangana kawirikawiri amakhala ogwira ntchito yofanana: otchinga zotsatsa awiri, ma VPN awiri, osunga mapasiwedi awiri, kapena wotchinga zotsatsa ndi extension imene inabwera ndi pulogalamu yoteteza ku mavayirasi. Choncho musanayambe n'komwe kugawa, yang'anani pamndandanda ngati pali mapasa oterewa. Kukhala ndi awiri sikuwonjezera chitetezo. Sankhani mmodzi.

Ngati vuto ndi kuchedwa

Pena tsamba silikana, koma laputopu imangochedwa, kutentha, ndipo fani imalira ngati chigayo. Malaputopu ambiri a m'makomo mwathu ali ndi memore ya 4 GB, ndipo extension iliyonse imatengako gawo. Chrome ili ndi kawindo koonetsa amene akudya kwambiri. Chrome ili yotsegula, dinani Shift ndi Esc pamodzi. Pamndandanda umene utuluke, mizere yoyamba ndi mawu akuti Extension ndiyo yathu, ndipo pambali pake pali manambala a memore, a mphamvu ya kompyuta ndi a netiweki. Ngati ina ikuonetsa kuti ikugwiritsa ntchito netiweki pamene inu simukutsegula kanthu, imeneyo ndi imene ikumwa bandulo yanu. Yambani ndi kuzimitsa imeneyo.

Tikampeza, timutani?

Funso loyamba n'lakuti, kodi pakhomo pano alipo amene amaigwiritsa ntchito? Ngati palibe akuidziwa, dinani Remove. Ngati ndi yofunika, pali njira zoisungira. Otchinga zotsatsa ambiri ali ndi batani loimitsa ntchito patsamba limodzi lokha, choncho mukhoza kulola tsamba la sukulu kapena la banki, kwinako n'kumatchingabe. Mu Chrome mukadina Details pansi pa dzina la extension, pali malo otchedwa Site access. Mukasankha On click, extension imagona mpaka inu mutaidina, ndipo mukasankha On specific sites imagwira ntchito pamasamba okhawo amene mwatchula. Onaninso ngati browser yanu ndi yatsopano, popeza extension yatsopano ndi browser yakale kwambiri sizigwirizana.

Tidziwenso kuti ma extension amadzisintha okha popanda kutifunsa. Imene inali yabwino chaka chatha ikhoza kukhala yoipa lero. Chitsanzo ndi The Great Suspender, extension imene inkagoneka masamba osagwiritsidwa ntchito kuti makompyuta ofooka asamachedwe. Anthu oposa 2 miliyoni ankaigwiritsa ntchito. Mu 2020 amene anaipanga anaigulitsa kwa munthu wosadziwika, mwini watsopanoyo anaikamo zinthu zokayikitsa, ndipo mu Febuluwale 2021 kampani ya Google inaichotsa ndi kuizimitsa mu Chrome ya aliyense. Kumapeto kwa Disembala 2024, akuba ananyenga wogwira ntchito pa kampani ya zachitetezo yotchedwa Cyberhaven ndi imelo yabodza, n'kusintha extension ya kampaniyo kuti izitha kuba ma cookie amene amasunga munthu ali wolowa mu akaunti yake, makamaka ya Facebook. Ma extension enanso angapo anagwidwa mwa njira yomweyo. Ogwiritsa ntchito sanadine chilichonse cholakwika, kusinthako kunangolowa kokha.

Palinso kusintha kochokera kwa eni browser. Kuyambira mu 2024 Google inayamba kuzimitsa ma extension opangidwa mwa dongosolo lakale, ndipo wotchinga zotsatsa wotchuka uBlock Origin anasiya kugwira ntchito mu Chrome. Mu Firefox akugwirabe, ndipo wa Chrome alipo wopepukirapo wotchedwa uBlock Origin Lite. Choncho ngati zotsatsa zabwerera mwadzidzidzi, mwina palibe amene waononga kanthu pakhomopo.

Zizindikiro zofunika kusamala kwambiri

Extension yongosokoneza tsamba ndi yosiyana ndi yakuba. Khalani tcheru mukaona izi: mukafufuza kanthu mukupezeka patsamba lachilendo m'malo mwa Google kapena Bing; tsamba loyambira lasintha lokha; zotsatsa zikutuluka ngakhale pamasamba amene sakhala nazo; extension ilibe batani lochotsera, kapena mukaichotsa imabwereranso; Chrome ikunena kuti ikuyang'aniridwa ndi bungwe lanu pamene laputopu ndi yapanyumba. Chizindikiro chomalizachi chimaonekanso pa malaputopu amene anachokera kumaofesi, koma n'chofunika kuchifufuza.

Mukaona zotere, chotsani extension ija, kenako pitani pa Settings ya Windows muone mapulogalamu onse amene ali mu kompyuta, muchotse achilendo amene analowa masiku amene vuto linayamba. Yendetsani Windows Security kuti ifufuze kompyuta yonse. Mu Chrome, pa Settings pali Reset settings, imene imabwezeretsa tsamba loyambira ndi lofufuzira, imazimitsa ma extension onse ndi kufufuta ma cookie, koma siikhudza mapasiwedi osungidwa ndi masamba amene munaika chizindikiro. Mukatha zimenezi sinthani mapasiwedi a imelo, Facebook ndi banki, ndipo ndi bwino kuwasinthira pa foni kapena kompyuta ina. PIN ya Airtel Money kapena Mpamba musailembe patsamba lililonse limene langotulukira lokha. Ngati ndalama zabedwa, dziwitsani banki kapena kampani ya foni tsiku lomwelo, ndiponso apolisi. Dziko lathu lili ndi lamulo la 2016 loona za malonda a pa intaneti ndi chitetezo cha makompyuta, ndipo pansi pa MACRA pali nthambi ya Malawi CERT yoona nkhani zoterezi.

Apa ndi pamene wokonza makompyuta amafunika, ngati extension ikubwererabe mutayesa zonsezi. Pitani ndi pepala lanu lija, mumuuze dzina lake ndi zimene mwachita kale. Musanamusiyire laputopu, koperani zithunzi ndi makalata anu pa fulashi.

Nanga pa foni?

Makomo ambiri alibe laputopu, koma foni ilipo. Chrome ya pa foni za Android siilandira ma extension, ngakhale kuti Firefox ya pa foni imalandira. Pa foni, osokoneza amakhala mapulogalamu amene taikamo, ndipo njira yowapezera ndi yomweyi: zimitsani onse, muone ngati vuto latha, kenako fufuzani mwadongosolo.

Foni za Android zili ndi Safe mode. Pa foni zambiri mumagwira batani lozimitsira, kenako n'kugwira chala pa mawu akuti Power off mpaka foni itafunsa ngati mukufuna Safe mode. Mitundu ina ya Tecno, itel ndi Samsung imasiyana pang'ono, ena amafuna kugwira batani lotsitsira mawu pamene foni ikuyaka. Mu Safe mode mapulogalamu onse amene munaika nokha amagona, amatsala okhawo amene anabwera ndi foni. Igwiritseni ntchito kwa kanthawi. Zotsatsa zikaleka ndipo foni ikasiya kutentha, wolakwa ndi pulogalamu yoikamo. Zimitsani ndi kuyatsa foni kuti mutuluke mu Safe mode, n'kuyamba kuchotsa amene analowa posachedwa. Oyamba kuwaganizira ndi aja olonjeza kuyeretsa foni, matochi, ma VPN aulere, mapulogalamu olandira kwa anzathu kudzera pa Xender kapena SHAREit, ndi WhatsApp yosakhala yeniyeni monga GBWhatsApp, imene ikhozanso kutsekeretsa nambala yanu. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Ngati vuto ndi bandulo kutha msanga, pa Settings pali malo oonetsa kuchuluka kwa data imene pulogalamu iliyonse yadya. Ndipo ngati foni ikungolandira timauthenga pamwamba toti mwapambana mphoto kapena foni yanu ili ndi vayirasi, kawirikawiri si vayirasi. Ndi tsamba limene wina analidinira Allow. Tsegulani Chrome, pitani pa Settings, kenako Site settings, kenako Notifications, mutseke masamba onse amene simukuwadziwa.

Zoti tigwirizane pakhomo

Ntchito yofufuzayi ndi bwino kuichita pamodzi ndi ana. Iwo ali ndi zala zachangu, ife tigwire pepala ndi cholembera. Mwana amene akudziwa kuti sakalipiridwa amanena msanga chimene anaika ndi tsiku limene anaika, ndipo zimenezi zimafupikitsa ntchito kuposa njira ina iliyonse. Amanenanso akaona zithunzi zoipa zikutuluka pa sikirini, m'malo mobisa poopa kuti adzamuyesa kuti anazifuna yekha.

Tigwirizane kuti pa laputopu ya banja palibe woika extension kapena pulogalamu osauza anzake, ndipo chilichonse chatsopano chizilembedwa kuchikuto cha kope limodzi pamodzi ndi tsiku lake. Ma extension tizitenga ku sitolo yeniyeni ya browser, monga Chrome Web Store, osati pa batani limene latulukira patsamba la mafilimu. Aliyense akhale ndi mbali yakeyake mu Chrome, imene amaitcha profile, kuti zimene mwana waika zisafike kumene makolo amalowera kubanki. Tikalowa mu akaunti yathu pa kompyuta ya kukafe kapena ya mnzathu, tizituluka tisanachoke. Kamodzi pa teremu, ana akatsekera sukulu, titsegule mndandanda uja tichotse zonse zimene sitinagwiritse ntchito miyezi itatu yapitayi. Ndipo fomu ya sukulu kapena ya ntchito tiziyamba kudzaza kudakali masiku, kuti tsamba likakana tikhale ndi nthawi yogawa pakati mosathamanga.